Ulusi wa Pamimba pa Mkonzi

Adokotala a ku wodi ya amuna ankadziwika ndi zinthu ziwiri: dzanja lopepuka pa opaleshoni, ndi kalembedwe koipa ngati popalasa nkhuku. Zaka khumi ndi zisanu anakhala akung'amba ndi kusoka mimba za anthu, osamwetulira ndi pang'ono pomwe. Chimene anzawo sankadziwa n'chakuti m'thumba la chovala chawo choyera munkakhala kakope. Akapeza mpata ankabisala kuseri kwa kabati ya mankhwala n'kumalemba zimene aona tsikulo, mayina okha osalemba. Analembamo za bambo amene anameza mankhwala opaka, n'kubweranso kudzayamikira kukoma kwake. Analembamonso za mayi amene ankayankhira mwamuna wake mafunso onse, ngakhale lakuti, "Mukumva kupweteka pati?"

Tsiku lina m'mawa, atazungulira odwala, kakope kaja anakaiwala pabedi la munthu amene anamuchita opaleshoni dzulo lake. Asanamalize n'komwe kusamba m'manja, namwino wamkulu anatulukira wefuwefu.

"Adokotala, thamangani! Wapabedi lakuzenera uja!"

Adokotala anathamangira komweko. Anapeza bamboyo atapindika, dzanja lina pamimba, lina litagwira kakope, misozi ili mbwembwembwe. Wodi yonse inali phwete, chifukwa mkuluyo ankawerenga mokweza. Wina wa mwendo wa pulasitala ankamenya bedi ndi ndodo yake.

"Mundipha, adokotala!" anatero wodwalayo. "Mayi woyankhira mwamuna wakeyu ndi mkazi wanga weniweni!"

Adokotala anakweza bandeji. Ulusi unali utaduka pawiri.

"Mwawerenga bwanji? Zolemba zanga ngakhale opereka mankhwala zimawakanika."

"Ine ndine mkonzi wa nyuzipepala, bwana. Kuwerenga zosawerengeka ndiye ntchito yanga. Ndipatseni nkhani imodzi Loweruka lililonse, tsamba ndikupatsani."

"Gonani bwino ndisoke. Ndipo musaseke."

"Inunso musalankhule."

Tsiku limenelo, koyamba pa zaka zonsezo, adokotala anasoka mimba ya munthu akulimbana ndi chiseko.

Atafika kunyumba sanavule n'komwe nsapato. Anapeza akazi awo akusita pakhonde, nawafotokozera zonse mawu akupanikizana pakamwa. Mayiwo anazimitsa simbi, natenga kakope, nawerenga masamba atatu ataimirira. Mapewa anayamba kugwedezeka.

"Bambo a ana inu! Ndiye zaka zonsezi mumaseketsa kope, ife kuno n'kumationetsa nkhope ya pamaliro?"

"Ndimaopa. Dokotala woseka ndani angamukhulupirire?"

"Bweretsani kuno ndikutayipireni, mungachititse khungu anthu a kunyuzipepala."

Loweruka lotsatira adokotala anafika pamphambano wogulitsa nyuzi asanamasule mtolo. Anatsegula masamba mwaphuma mpaka lina linang'ambika. Nkhani inalipo, pansi pa dzina lobisalira limene akazi awo anasankha: Jakisoni. Anaiwerenga kawiri ali chiimire, ngati yalembedwa ndi wina.

M'basi yopita kuntchito anakhala pafupi ndi mayi wina wonenepa amene anatsegula tsamba lomwelo. Adokotala anayang'ana pazenera, koma khutu lili kwa mayiyo. Kunali zii. Kenaka mayiyo anafwenthera, nagwira pakamwa, kenaka chikhakhali chinaphulika, mpaka anamenya ntchafu ya adokotala osadziwa.

"Pepani bambo, koma Jakisoni ameneyu ndi wamisala! Tamvani apa!"

Ndipo anawawerengera nkhani yawo yomwe, basi yonse ikumvetsera. Adokotala anapitirira malo otsikira awiri, nabwerera wapansi akuseka okha mumsewu ngati wolodzedwa.

Chinsinsi sichinakhalitse. Namwino wamkulu anazindikira nkhani ya mankhwala opaka ija, ndipo pofika Lolemba chipatala chonse chinkawaitana Jakisoni. Odwala anayamba kubwera ndi matenda pamodzi ndi nkhani. "Iyi mukalembe, adokotala, koma musanene kuti ndine." Makalata ankafika mulumulu. Wina analemba kuti bambo ake, amene anasiya kulankhula chimwalirire mayi, anaseka Loweruka lapitalo mpaka kupempha tiyi wachiwiri. Kalata imeneyo adokotala anaiwerenga kangapo, ndipo patatha zaka zitatu akugawa mtima pawiri, anatula pansi mpeni wa opaleshoni. Anasiya madokotala awiri achinyamata amene anawaphunzitsa okha, natsala ndi Lachiwiri lokha loona odwala.

"Ndikasiyiratu, nkhani ndizizitenga kuti?" anauza mkonzi uja.

Buku lawo loyamba analikhazikitsa mu holo ya laibulale. Mipando inatha, anthu anaima m'makoma, ena anasuzumira pamazenera. Adokotala anawerenga nkhani ziwiri ndi nkhope yawo yosaseka ija, ndipo nkhopeyo ndiyo inamaliza anthu. Atatha anakhala patebulo kuti asayine mabuku, mzere utafika panja.

Woyamba anasayinitsa n'kupita. Wachiwiri, bambo wa tayi, anaika buku patebulo, nayang'ana uku ndi uku, nakwinya buluku mpaka m'bondo.

"Poti ndakupezani, adokotala, bondoli limalira ndikamakwera masitepe."

Wachitatu anali atatulutsa kale lilime. Kumbuyo kwake mayi wina ankamasula mwana kumsana.

Akazi awo anawanong'oneza, "Ndiwabweze?"

"Ayi, asiyeni!" anatero adokotala, maso akuwala. Anakankhira mabuku pambali, nakokera mpando pafupi. "Khalani apa, bambo. Limalira bwanji bondolo? Taliyerekezani timve tonse."

Bambo wa tayi anakonza kukhosi, nalira ngati chitseko chadzimbiri, ndipo holo yonse inagwa nacho chiseko.