Zitini Zitatu za Penti

"Ika pansi bulashiyo."

Ebo sanacheuke. Anali ataima pa benchi, dzanja lili m'mwamba, madzi akuda akutsetserekera kuchigongono. Theka la khoma la pabalaza linali litada kale ngati mtambo wa mvula yamatalala. Theka linalo linali monga momwe Araba ankalikumbukira kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi: lotuwa mofewa, lopendekera ku buluu, ngati nyanja ya kwawo kuno ku Sekondi m'mawa dzuwa lisanaganize zotuluka.

"Ndati ika pansi," anatero Araba. "Wagontha?"

"Mwadzuka bwanji, achemwali?" anatero mlongo wakeyo. "Kuno tikadayambabe ndi moni."

Bambo awo, a Quansah, anali mumochale sabata yachitatu. Lachisanu thupi linkabwera kudzagona pabalaza pomwepo, kuti tauni yonse idzazungulire bedi lawo ndi kutsanzika, ndipo nyumba ya maliro siilandira anthu isanapakidwe. Kunja azakhali awo, a Mansa, anali atapakitsa kale mtundu wa pinki ngati chingamu. Araba, yemwe anali atangofika dzulo lake kuchokera ku Hamburg, anauona mtunduwo nameza malovu. Anameza malovu ataona kuti mtengo wa mango anaudula, ndiponso kuti pomwe panali laibulale ya ubwana wake tsopano akugulitsapo matayala. Koma khoma ili ayi. Ku Hamburg kozizira kuja anapakapo chipinda chake kanayi pofunafuna mtundu umenewu, ndipo pa zonse za m'tauni muno ndi lokhali lomwe linamudikira.

"Bambo agone m'chipinda chakuda ngati phanga la mileme? Ndiwe munthu iwe?"

"Mukanangodikira pang'ono..."

"Ndidikire umalize kuwononga? Penti ameneyu wamutola kuti? Chitini chake chili kuti?"

"Alibe chitini."

"Ndinadziwa. Wogula pamsewu, wopungulira m'ndowa."

Azakhali a Mansa anasuzumira pakhomo atanyamula mbale ya kenke, nsima yowawasa ya kuno, ndi nsomba zokazinga. "Boga wayamba kale kulamula? Mwana wanga, idya kaye. Njala ya m'ndege ndi yoipa, imakwera kumutu."

Boga. Dzina la aliyense wobwera kuchokera kunja, lopotokola kuchokera ku Hamburg komweko. Araba anawerenga mabuku a zinenero zinayi, koma kwawo anali liwu limodzi lomweli basi.

Ebo anatsika pa benchi, naika bulashi m'ndowa mosamala ngati akugoneka khanda. Nkhope yake inali itauma gwa.

"Chabwino. Inu ndinu wamkulu, ndinu wophunzira. Kaguleni wanuyo. Sindikhudzanso."

Araba anatenga mpeni wa kukhitchini, napala kachibenthu pa khoma lakale, kuseri kwa chitseko. Anakakulunga m'pepala la tikiti ya ndege nakwera minibasi ya ku Takoradi.

M'sitolo yoyamba mayi wogulitsa anamutambasulira timakadi tamitundu ngati akugawa njuga. Kalikonse kanali ndi dzina lake: Nkhungu ya M'mawa, Phiko la Njiwa, Mpweya wa Kunyanja. Araba anaganiza kuti alakatuli olephera onse a dziko lapansi anapeza ntchito ku mafakitale a penti. Anasankha Phiko la Njiwa. M'sitolo yachiwiri anamuuza kuti Phiko la Njiwa ndi la kampani ina, iwo lawo lofanana nalo ndendende ndi Utsi Wabata. Ataika timakadi tiwirito pamodzi, tinafanana ngati mbuzi ndi galu. Anagulabe.

Yachitatu inali ndi makina owerenga mtundu. Mwini wake, bambo wadazi wa magalasi pamphuno, anatsegula kapepala kaja, nagwira kachibenthuko ndi chala. Kanayoyoka.

"Mayi, ichitu si penti."

"Ndiye n'chiyani? Ufa wa chinangwa?"

"Ndingoti..."

"Bambo anga anapenta zombo padoko pano zaka makumi atatu. Ankadziwa penti inu musanaphunzire kupukuta mamina. Ikani m'makinamo."

Bamboyo anakweza mapewa. "Boga akalamula, makina amvera." Makinawo analira, nadontheza timadontho takuda ndi tabuluu m'chitini choyera, nachigwedeza.

Anabwerera dzuwa litapendeka, mphepo youma ya fumbi itamung'amba milomo, zogwirira za zitini zitatu zitamudula zala. Ebo anali pakhonde akusenda lalanje. Araba anamudutsa osamuyang'ana. Sanafune kuonanso chikhoma chakuda chija, choncho analunjika pakona ya kuchitseko, nagwada, natsegula zitini ndi mpeni. Anapaka mizere itatu pa khoma lakale, waukulu ngati chikhatho uliwonse.

Phiko la Njiwa linatuluka lofiirira. Utsi Wabata unali wobiriwira ngati m'chipatala. Wa makina uja unayandikira, koma unkanyezimira mopusa, ngati munthu wovala nkhope ya mnzake.

"Akuba," anatero Araba. "Dziko lonseli akuba. Ndipo ndi chikhoma chako chakudachi chikundisokoneza maso, iwe Ebo, ukanapanda..."

Anatembenuka kuti aloze. Chala chinatsala m'malere.

Khoma lakuda panalibe. Kuyambira pawindo mpaka pakona, lonse linali mtundu umodzi, wotuwa mofewa, wopendekera ku buluu. Anayandikira kufunafuna pomwe bulashi inalekezera m'mawa. Maso sanapapeze. Anapapeza ndi chikhatho, pomwe khoma linkazizirirako pang'ono.

"Watsuka?"

"Ndinati sindikhudzanso." Ebo anali ataima pakhomo. "Ndi laimu, achemwali. Laimu, timibulu tiwiri ta buluu wochapira zovala, ndi makala osinja odzaza kachitini ka mkaka. Akakhala wamadzi amada. Akauma amayera. Mwana aliyense wa mumsewu uno amadziwa."

"Bwanji sunanene?"

"Munandipatsa mpata? Inu mumafunsa funso muli ndi yankho kale m'thumba." Anaponya makoko a lalanje panja. Mawu ake sanakwere. "Mukuganiza kuti khoma limeneli linakudikirani lokha? Disembala aliyense bambo ankalipaka. Tili ana ankalipaka inu muli pampando apo, buku kumaso, mukungokweza mapazi kuti ndowa idutse. Maso atayamba kuwavuta ndinkasakaniza ndine, iwo n'kumandifunsa kuti wafanana? Wafanana ndithu? Ndinawapempha kangati kuti tigule penti weniweni ngati anthu ena. Ankati ayi, Araba angadzalowe n'kuyesa nyumba ya eni ake. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndikusinja makala chifukwa cha munthu wosabwera. Lero mwabwera, mwandipeza ndi ndowa yomweyo, n'kundifunsa ngati ndine munthu."

Araba anafuna liwu. Anali nawo ambiri, akuthwa, osungidwa bwino, ndipo mkwiyo unali ukadalipo, kungoti tsopano unasowa kolowera. Anayang'ana mizere yake itatu. Pabalaza ponse, malo oipa anali amenewo okha.

"Upakepo laimu wakoyo," anatero.

"Sagwira pa penti. Mpaka mupale."

Azakhali a Mansa, omwe anamva zonse ali kukhitchini, anabweretsa mpeni wina wakale nauika pansi pafupi ndi Araba. "Wosathwa bwino ndi umenewu, Boga. Sukumba khoma." Anabwerera osaseka, zomwe kwa iwo chinali chifundo chachikulu.

Anapala atagwada. Penti wauwisiyo ankamatirira kumpeni ndi kuzala, laimu wa pansi pake n'kumagwa ngati ufa. Pansi pa laimuyo panali laimu wina, pansi pakenso wina, timiyalo topyapyala ngati masamba a buku, tonse mtundu umodzi. Analeka kuwerenga atafika pa khumi.

Ebo anakokera ndowa pakati pa chipinda. Anathiramo madzi, navundula ndi chithabwa chomwe chinali chitasalala m'malo ogwira. Madziwo anali akuda, onyansa, ngati a m'ngalande.

"Tsiku lomwe munaimba foni kuti simubwera kumaliro a amayi," anatero osamuyang'ana, "bambo anali pa benchi iyi, akupaka khoma lomweli. Ine ndinalusa. Ndinati ndipatseni foniyo ndimuuze mawu. Iwo anatsika, n'kuviika chala m'ndowa, n'kudzipaka kuseri kwa dzanja. Ndi momwe ankayesera mtundu. Anakhala pansi n'kudikira mpaka panauma. Kenako anati, umuuze kuti tamva, avale zofunda, kumeneko kukuzizira."

"Ine ndinalibe mapepala okhalira kumeneko nthawi imeneyo. Ndikanatuluka sindikanabwereranso. Iwe ukudziwa zimenezo, Ebo, usandiyese..."

Ebo anaviika chala chachikulu m'ndowa. Anagwira dzanja la mlongo wake, lomwe linali likadali ndi mpeni, nalitembenuza, napaka mzere wakuda kuseri kwake. Kenako anadzipaka yekha. Anakhala pa benchi, nasendera kumapeto kusiya malo.

Araba anadzuka pomwe anagwada paja, napita pa benchipo. Anakhala.

Kunja wogulitsa buledi anadutsa akuitanira. Mzerewo unkazizira pakhungu, wakuda ngati chipsera. Patapita nthawi, m'mphepete mwake munayamba kutuwa.