Seva Yosowa Phokoso

Vainess, woyang'anira makompyuta, anafika pa ofesi ya ku Beech Grove manesi atadzaza kale pakhonde, makiyi a galimoto ali m'manja. Magetsi anali atathima m'mawa, ndipo atayakanso, seva, kompyuta yaikulu yosunga mayina a odwala ndi mankhwala awo, inangoti zii.

"Mwana iwe, watichita chiyani?" anafunsa mayi Magdalene, eni kampani yosamalira okalamba m'makomo mwawo. "Usanaigwire Lachisanu inkayaka bwinobwino."

Vainess anagwada m'kachipinda ka sevayo, nalumikiza kiyibodi, n'kuyamba kuimenya mwachisawawa ndi manja onse.

"Koma abale! Sukulu yonse ija ya ku South Bend anakuphunzitsa kuimba ng'oma?"

"Ikufuna phokoso, mayi," anayankha osatembenuka.

Anawafotokozera uku akumenyabe. Memori, momwe kompyuta imaikamo zimene ikugwiritsa ntchito, ikadzaza, kompyutayo imatayira zotsala pamalo ena a pa diski otchedwa swapu, ndipo mayina a odwala amatsalira pamenepo. Lachisanu lija iye anakiya malowo ndi loko wa pakompyuta. Kiyi wake amapangidwa watsopano seva ikamayaka, kuchokera ku manambala osadziwikiratu amene makina amatola anthu akamagwira kiyibodi ndi mausi. Koma seva ya m'kachipinda saigwira munthu, choncho inkangodikira manambalawo.

Posakhalitsa zilembo zinayamba kuthamanga pa sikirini. Manesi anapulinta ndandanda zawo n'kuthamangira ku magalimoto.

"Chotsa loko wakoyo," anatero mayi Magdalene. "Agogo a ku Speedway achedwa kubayidwa insulini chifukwa cha iwe."

Mawuwo anamulasa Vainess, poti anali oona. Anapukuta manja pa siketi.

"Ndalakwa posaiyesa, pepani. Koma loko sindichotsa. Diski iyi ikabedwa, matenda a agogo omwewo adzawerengedwa ndi aliyense. Mundipatse mpaka masana."

"Ukalephera?"

"Mudzaitane wina. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi."

Tiyi amene anamupatsa anazizira pa shelefu. Anaika kapulogalamu kotola manambala aja kuchokera m'kagwiridwe ntchito ka makina enieniwo, koma ataizimitsa n'kuiyatsanso, seva inaimanso. Analuma mlomo, nafufuza, napeza kuti kapulogalamuko kankadzuka mochedwa, swapu itayamba kale kupempha kiyi. Anasintha dongosolo kuti kaziyamba ndiko.

Masana anazula kiyibodi ija, naitana mayi Magdalene.

"Zimitsani nokha, muyatsenso."

Mayiwo anadina batani ndi chala chimodzi, ngati likutentha. Seva inayaka yokha mpaka kumapeto. Anaiyang'ana kanthawi, manja ali m'chiuno.

"Laputopu za manesi nazonso zili ndi swapu yakoyo?"

"Zonse."

"Ndiye mawa uzikiye, uyambe ndi yanga."