Bedi la pafupi ndi soketi

Nawotchi sanabwere mumzinda waukuluwo kudzaona misika kapena milatho. Chinamubweretsa ndi wotchi ya pansanja ya siteshoni yakale ya sitima. Bambo ake akhala akukonza mawotchi pakhonde la sitolo kwa zaka makumi atatu, n'chifukwa chake anzake anamupatsa dzinalo. Pomuperekeza kudepoti, bambowo anangomupempha chinthu chimodzi: akalowe m'kati mwa wotchiyo, akaone mmene mawilo ake amalumirana, adzawafotokozere.

Nsanjayo ankaitsegula Lachinayi lokha, ndipo ankangolola anthu khumi ndi awiri. Iye ndi msuweni wake anali obwerera kwawo Lachisanu.

Ankagona m'hositelo yotchipa kuseri kwa msewu wa ogulitsa matayala, m'chipinda cha atsikana khumi, mabedi osanjikiza, matawulo ali lendelende paliponse. Kukhitchini kunali bolodi. Wofuna kukwera nsanja ankalembapo ndi choko nambala ya bedi lake, osati dzina, chifukwa bambo wotsogolera alendo anatopa kuluma lilime ndi mayina a anthu ochokera uku ndi uku. Lachitatu 5 koloko madzulo bamboyo ankabwera, n'kukopera manambalawo m'kabuku kake, n'kufufuta bolodi. M'mawa mwake ankaitana nambala, mwini wake n'kuonetsa kiyi wa kabati yake yosungiramo katundu, wokhala ndi nambala yomweyo.

Nawotchi analemba 4 wake Lolemba atangofika, chikwama chikadali kumsana. Lachitatu masana, akuchokera koyenda, anapeza malo onse atadzaza, ndipo pamene panali 4 panali 9. Pambali pake panatsala kamzere ka chala chonyowa.

Wofufuta sanavute kumupeza. Pa bedi 9 pankagona mtsikana amene onse ankamutcha Wazithunzi, chifukwa ankadzijambula podzuka, potsuka mano, ngakhale posenda dzira. Anali ndi mafoni awiri ndi nyale yozungulira yowalitsira nkhope, ndipo zonsezi zinkafuna moto. Bedi lake linali lapamwamba, kutali ndi khoma. Soketi yokhayo yogwira ntchito m'chipindamo inali pamutu pa bedi 4. Kawiri konse anali atapempha kuti asinthane, Nawotchi n'kukana.

Msuweni uja, yemwe sanalembe nambala poti amachita chizungulire ngakhale pampando, anafuna kukamugwetsa pabedipo ndi miyendo. Nawotchi anamuletsa. Anapita kaye kwa mayi wa pakauntala, koma mayiwo anati bolodi si lawo, iwo awo ndi makiyi ndi zofunda. Anawafunsa ngati anthu amaloledwa kusinthana mabedi. Anati inde, bola onse awiri abwere ndi makiyi awo, iwo asinthe pachipepala kuti woyala zofunda asasokonezeke.

Kenako anakakhala kukhitchini, n'kuphika tiyi, n'kumamwa pang'onopang'ono ngati munthu wopanda mlandu ndi wina aliyense. Msuweni ankangozungulira.

"Ukungomwa tiyi? Mwana wa amalume, magazi ako ndi a madzi?"

"Dikira 5 koloko."

Bamboyo anafika, ambulera m'khwapa, nakopera manambala ake, nafufuta bolodi ndi kansanza, natuluka. Pamenepo m'pamene Nawotchi anatsuka kapu n'kukwera kuchipinda.

Anamupeza Wazithunzi atagwada pansi, akugwedeza chaja m'soketi yakufa. Anamuuza mofatsa kuti walingalira bwino, bedi lapansi likumuwawitsa msana, ndipo si bwino munthu wantchito kuvutika chonchi pomwe iye foni yake ndi yongoimbira. Wazithunzi anamukumbatira, namutcha chemwali wake weniweni, nanena kuti anthu amtima wotere anatha. Akutsika masitepe kupita pakauntala ankajambula, akuuza omutsatira kuti paulendo umakumana ndi angelo. Makiyi anasinthana iye akuyang'ana foni.

Usiku umenewo Nawotchi anagona pamwamba, mphuno pafupi ndi denga, ndipo anagona tulo tabwino.

Lachinayi m'mawa anthu anasonkhana panja pa chitseko cha hositelo. Wazithunzi anali atavala diresi lachikasu losankhira nsanjayo, mafoni onse odzaza moto. Bamboyo anatsegula kabuku. Anaitana 2, anaitana 15, anaitana 7. Ataitana 9, manja awiri anakwera.

Anapempha makiyi. Nawotchi anaonetsa wake. Wazithunzi anapisa m'kachikwama, natulutsa wake, nauyang'ana nthawi yaitali ngati wina wamusinthira usiku.

"Bambo, 9 ndine. Ndinalemba ndekha dzulo."

"Kiyi wanu akuti 4, mayi. Ine 4 ndilibe."

Wazithunzi anayamba kufotokoza kuti anangosinthana mabedi, kuti aliyense akudziwa, kuti afunse pakauntala. Bamboyo anati iye sayenda ndi nkhani, amayenda ndi manambala, ndipo masitepe a nsanja salola munthu wakhumi ndi chitatu. Wazithunzi anatembenukira kwa Nawotchi, namufunsa ngati zimenezi ndi zochitira mnzako.

"Pepani asisi," anatero Nawotchi. "Inenso ndinalembatu ndekha, Lolemba. Kaya chinadya 4 wanga n'chiyani. Mwina mphemvu."

Msuweni anaseka mpaka kukhala pansi pamasitepe. Gulu linanyamuka, ambulera patsogolo.

Masitepe a nsanja anali achitsulo, opapatiza, onunkha girisi. Nawotchi anafika pamwamba pamodzi ndi gulu lonse. Ena anathamangira kumawindo kukaona mzinda, iye anaima pafupi ndi makinawo. Gudumu lalikulu linali lotalika kumuposa, ndipo linkasuntha dzino limodzi, n'kupuma, n'kusunthanso. Anawerenga mano a gudumu laling'ono kawiri kuti asakanamize bambo ake, nalemba padzanja ndi cholembera. Bambo wa ambulera, poona kuti pali mmodzi amene akufunsa zanzeru, anamulola kugwira chitsulo chopukusira wotchiyo, namuuza kuti ayese.

Chinali cholemera kuposa mmene ankaganizira. Anachigwira ndi manja onse awiri, n'kukankha.