Chipewa Chachikasu

Zaka zinayi si masewera. Wowotcherera zitsulo wina pochoka kukagwira ntchito kutali anasiya mwana wake wamkazi akukwawa. Pobwera anapeza kamtsikana kodziwa kuvala nsapato kokha, kamene kanamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kukabisala kumbuyo kwa mayi ake.

Masiku asanu anatha. Anayesa chidole, anayesa maswiti, anayesa ngakhale nyimbo ndi mawu ake aja okhala ngati chitseko chadzimbiri. Mwana ankalandira ndi manja awiri, kuthokoza bwinobwino ngati kwa mlendo, basi ulendo. Mawu oti "adadi" osatuluka. Zomukumbatira ndiye musanene n'komwe. Munthu wamkuluyo mtima unkamuwawa, ankalakalaka mwanayo atangomuthamangira kamodzi kokha.

"Musamuumirize," anatero mkazi wake. "Mawa mukamutenge ndinu kusukulu yamkaka. Mwina muzolowerana panjira."

Anafika nthawi yowerukira isanakwane, atavala malaya osita pofuna kubisa zipsera za moto m'mikono. Anaima pampanda wawaya. M'bwalo munali tiana makumi awiri titandanda pamzere, kutsogolo kuli aphunzitsi awo, mayi wojintcha wa mawu omveka mpaka kumsewu, atavala chipewa chachikasu.

"Gwirani mphuno!" Tonse mphuno gwi. "Dumphani kawiri!" Fumbi koboo. Kenaka mayiyo anavula chipewa mwakabisira n'kukuwa, "Khalani pansi!" Tiana tinayi tinangoti khu pansi, anzawo n'kufa nacho chiseko.

"Mwatuluka! Makutu munasiya kunyumba eti?"

Atamuona pampanda, aphunzitsiwo anamukodola. "Ndinu bambo ake a uyu? Lowani, musaime ngati mlonda. Lamulo lake ndi limodzi: wovala chipewa ndiye timamumvera. Akavula, olo anene zokoma bwanji, sitigwedezeka. Ana awa kuwalalatira n'kutaya mate, koma pamasewera amatchera khutu, maso ali tcheru. Tavalani tione."

Chipewacho chinangokhala pamwamba pa mutu wake ngati mbale yovundikira. Ana anaseka. Mwana wake naye anaseka, dzanja lili kukamwa, ndipo aka kanali koyamba kuti amusekere.

"Kwezani manja," anatero mwamanyazi. Manja m'mwamba.

"Zungulirani." Anazungulira onse, wakenso yemwe, tinsapato take tikupalasa fumbi. Abale inu, mwana wake akumumvera! Anawagwiritsa makutu, anawayendetsa ngati abakha, anawaimiritsa ndi mwendo umodzi. Thukuta linali kamukamu, koma sankafuna kuti zithe.

Apo m'pamene maganizo anamufikira. Akanati "bwerani mundikumbatire", mwanayo akanabwera ndithu, poti lamulo ndi lamulo. Anagwada bondo limodzi pafumbipo. Koma iye uja analeredwa kuti munthu sapempha kanthu chipewa chili kumutu. Dzanja linapita lokha, osaganiza n'komwe. Anavula chipewa, n'kuchigwira pachifuwa.

"Bwera," anatero. "Bwera kuno, mwana wanga."

Tiana tonse totsala tinamuthamangira ngati nkhuku zaona chakudya. Wina pakhosi, wina pamsana, wina kumupaka mamina pamalaya ositawo. Iye ankasuzumira pakati pa timitu tawo kufuna nkhope imodzi yokha.

Mwana wake anali chiimire pamzere, yekhayekha. Manja anali m'mbali, milomo atailuma, maso ali pachipewa chija.

"Mwatuluka nonse!" anakuwa aphunzitsi. "Wapambana ndi uyu! Ee, bambo, mwana wanuyu chiyambire chaka sanapambanepo, amatuluka woyambirira ndi phuma lakelo. Lero lokha! Tiyeni timuwombere m'manja!"

Kamtsikanako kanalumpha ndi chisangalalo, kanathamanga kumudutsa pomwe anagwadapo, n'kukadziponya m'manja mwa aphunzitsi ake.

"Aphunzitsi! Ankolo aja amafuna andipusitse, koma ine ndinaona!"

Aphunzitsi anamuyang'ana bamboyo, kukamwa kuli yasa, n'kuyamba kunena kuti, "Iwe, si ankolo amenewa, ndi..."

Iye anapukusa mutu kuti amusiye. Tsikuli linali la mwanayo. Anadzuka, anasansa fumbi pabondo, anapana chipewa kukhwapa, n'kuyamba kuwomba m'manja pamodzi ndi ana a eni ake, ndipo anawomba mwamphamvu kuposa onse.