Khoti Lakukhululukirani

Leticia anayala pepala la kukhoti pamphasa n'kulitsindira ndi chala. Panali patangopita masiku atatu chiikireni bambo ake, a Manase, m'manda, koma a Chakufwa, mng'ono wa malemuyo, anali atayamba kale kugawa za eni. Ankafuna kuti munda wa mpunga wa ku Kaporo uperekedwe kwa mnansi wawo, a Jeffrey, amene nkhokwe yawo inapsa zaka zisanu zapitazo. Mudzi wonse unkati anaitentha ndi a Manase.

"Tata, ili ndalipeza m'sutikesi mwawo," anatero Leticia. "Apa woweruza analemba kuti acquitted. Ndiye kuti khoti linamva umboni wonse n'kupeza kuti alibe mlandu."

"Ine ndinalipo, mwana iwe," anayankha a Chakufwa. "Womasulira anati, 'Madala, khoti lakukhululukirani, zipitani.' Munthu wosalakwa amamukhululukira chiyani?"

Womasulirayo anali mlendo wa ku Ntcheu, ndipo mwina ankathamangira nkhomaliro. Mawu akewo anafika kumudzi a Manase asanatsike n'komwe m'basi. Anawachotsa pa ukulu wa mpingo, anzawo analeka kuwaitana pokolola, ndipo pamaliro pawo kwaya inaimba ngati yachita kukakamizidwa. A Manase eni akewo Chingerezi sankachidziwa, choncho pepalalo analibisa chifukwa cha manyazi. Izi ndi zimene zinamuwawa kwambiri Leticia: iye mphunzitsi wathunthu, zaka zonsezi sanapemphepo kuti alione.

"Kukhululuka ndi nkhani ina, tata. Munthuyo anamasulira molakwa."

"Nanga thumba la mpunga limene ankatula kwa a Jeffrey chaka ndi chaka? Si kupepesa kumeneko?"

Apa m'pamene a Bertha, mayi a Leticia, analankhula, maso ali pansi.

"Alamu, chaka cha motowo ana a kumeneko ankagona ndi njala. Akulu anu anati mnansi sangafe ife mpunga tili nawo. Kenako sanathenso kuleka."

"Zimenezo kauzeni mudzi, alamu. Ife tatopa kulozedwa zala. Mawa mundawo tikupereka."

Leticia anapinda pepala lija misozi ikulengeza. Madzi akatayika saoleka, ndipo panalibe wina pamudzipo amene akanaliwerenga.

A Bertha analowa kuchipinda n'kutuluka akukoka thumba lolemera. Pambali pake panali dzina la a Jeffrey, lolembedwa ndi khala m'zilembo zokhotakhota.

"Ndisenzetse, mwanangu," anatero. "La chaka chino analisoka okha asanayambe kudwala."