iPhone ya alamu ku Mulunguzi

Fyness analemba pulagini, kachidutswa ka pulogalamu kouza foni malo amene ili. Pa Android kankagwira bwino, koma kasitomala ankafuna kagwirenso pa iPhone. Tsono iPhone yoyeserapo inali ndi alamu ake okha, a Yvonne, munthu wosabwereketsa ngakhale chaja.

Tsiku lina atakwera kuphiri ndi alamu akewo, pa damu la Mulunguzi, Fyness anati, "Alamu, bweretsani foniyo ndikujambuleni. Yang'anani kumadziko, musatembenuke!"

A Yvonne anaimika khosi, dzanja lili m'chiuno. Fyness analowetsa pulogalamu yake msangamsanga n'kuiyesa. Inangotseguka n'kudzitsekanso.

"Zithunzi zatuluka bwanji?" anafunsa a Yvonne.

"Mphepo yakupotolerani wigi, alamu," anatero Fyness, uku akufufuta pulogalamuyo. "Tibwerenso Loweruka. Mudzavale diresi lofiira."