Kuseri kwa Makadi

Ine ndimagwira ntchito m'chipinda chapansi cha laibulale ya yunivesite, kumene timasunga mapepala akale amene palibe akuwafuna koma palibenso wolimba mtima woti awataye. Kuno dzuwa silifika. Kumafika fumbi, chinyezi, ndi ophunzira osochera amene akufunafuna chimbudzi. Ndinatsika kuno tsitsi lili bii, lero layera, ndipo ndikakwera masitepe chifuwa chimalira ngati chitseko chosowa mafuta.

Amene anandiphunzitsa ntchitoyi anali mkulu wakale wa laibulale, amene tonse tinkawatchula kuti a Chete. Munthuyo ankatha tsiku lonse atangotulutsa liwu limodzi lokha, ndipo likatuluka ngakhale mipando inkasiya kulira. Ukalakwitsa ntchito sankakalipa. Ankangoima pambali pako, manja kumbuyo, mpaka iwe wekha uone pamene walakwitsa. Ndinkawaopa, ndipo kunena zoona sindinkawakonda kwenikweni.

Anapuma pa ntchito, kenaka anamwalira. Patapita miyezi ingapo mwana wawo wamwamuna anabwera ndi galimoto yodzaza makatoni. Sanazimitse n'komwe injini.

"Mayi akuti mutisungire mapepala a bambowa. Nyumba ija tikuisiya," anatero, uku akutsitsa makatoni ngati akutaya zinyalala.

Kwa ife kuno mawu akuti kusunga ali ndi tanthauzo limodzi: chalowa, chalowa. Ndinayamba kusanthula. Munali zokambirana za misonkhano imene inatha osagwirizana kanthu, zithunzi za anthu ovala masuti otakata, ndi zimene a Chete ankalankhula pa miyambo ya yunivesite, zonse zazifupi. Pansi pa katoni yomaliza ndinapeza timabokosi ta nsapato todzaza makadi.

Makompyuta asanabwere, buku lililonse linali ndi khadi lake: dzina la wolemba pamwamba, mutu wa buku, nambala, ndi kabowo m'munsi kolowetsamo kachitsulo. Makadiwo ankakhala m'madirowa a kabati yaikulu yodzaza khoma lonse. Buku likatayika kapena likatha, khadi lake linkazulidwa n'kutayidwa. Kabatiyo ili kuno kwa ine tsopano. Pamene akuluakulu ankafuna kuitaya ndinachita makani mpaka anatopa nane, chifukwa ndi umboni wokhawo wa mabuku amene laibulaleyi inakhalapo nawo.

Ndiye nditaona makadi a mabuku akufa m'timabokosi ta nsapato, ndinaseka ndekha. Kodi a Chete, inunso munkazembetsa katundu wa laibulale? Ndinaganiza kuti mkuluyo ankawamvera chisoni mabuku otayikawo. Ndinachita zimene anandiphunzitsa yekha. Ndinabwezera khadi lililonse pamalo pake m'kabati, motsata zilembo, pakati pa anzake osawerengeka. Inanditengera masabata, msana ukuwawa, zala zitachita zikanga. Nditamaliza ndinadzitamanda mumtima, poti kuno palibe wina angakutamande.

Lolemba lina ndinamva munthu akutsika masitepe pang'onopang'ono, akupumira pa sitepe iliyonse. Anali mayi wachikulire, wamfupi, atanyamula kachikwama m'khwapa. Ndinawazindikira. Anali akazi awo a Chete, amene ndinawaona komaliza pamaliro.

"Mwanangu, kodi kuno ndi kumene anakuikani? Munalakwa chiyani?" anatero atakhala pansi. Panali patapita zaka munthu asananditchule kuti mwanangu.

Tinapatsana moni, ndinawapepesanso za maliro. Kenaka ananena chimene anadzera. Loweruka ankasamuka, kupita kutali kukakhala kwa mwana wawo wamkazi. Zonse zinali zitamangidwa kale.

"Zamisonkhanozo khalani nazo, mukolezere moto mukafuna. Ine ndadzatenga timabokosi tanga ta nsapato. Mnyamata uja ndinamuuza kuti mundisungire mpaka nditalongedza. Munthu akakusungitsa mbuzi, kodi mbuziyo yasanduka yako?"

"Makadi aja, mayi? Aja ndi a laibulale. Ndinawabwezera m'malo mwake."

Mayiwo anatsegula kachikwama, n'kutulutsa khadi limodzi lokhakhala m'mbali. Kumaso kwake linali la buku lina la za ulimi wothirira. Analitembenuza. Kuseri kunali zilembo zazing'ono za pensulo, zoongoka ngati asilikali, zimene ndikanazizindikira ngakhale mumdima. Panalembedwa kuti: "Ndadzuka msanga. Mpopi ndaukonza koma musautseke mwamphamvu. Diresi ya dzulo ija inakukhalani."

"Munthu wanu uja pakamwa anali wosauka," anatero mayiwo. "Kunyumbanso anali chimodzimodzi. Chimene chamukanika kunena, m'mawa ndinkachipeza pansi pa kapu yanga. Kuyambira tili pa chibwenzi mpaka manja atayamba kunjenjemera. Pepala logula iye ayi, ankati n'kuwononga."

Munthu wa laibulale amawerenga khadi kumaso. Zala zimayenda pamwamba pa makadi, diso limagwera pa dzina la wolemba, basi. Kuseri kwa khadi kuli ngati nkhongo yako, umadziwa kuti ilipo koma suiona. Makadi onse aja anadutsa m'manja mwanga limodzilimodzi ndipo sindinatembenuzepo ngakhale limodzi.

Ndinawasonyeza khoma la madirowa. Sanakalipe. Anangoti, "Onsewa?" Ine ndinagwedeza mutu.

Ndinakwera kwa bwana watsopano kukapempha chilolezo choti makadi atuluke, ndikukonzekera nkhondo. Bwanayo ndi mnyamata wabwino, woyenda ndi mafoni awiri. Sanadikire kuti ndimalize.

"Makadi akale aja? Atenge. Akafuna atenge ndi kabati yomwe, tipezeko malo."

Ndinatsika ndili wokhumudwa kuposa mmene ndikanakhalira akanandikaniza. Ndinapempha munthu wondithandiza, koma inali nthawi ya mayeso, aliyense anali ndi zake.

Tinayamba tsiku lomwelo, awiriwiri, pa chilembo choyamba. Ndinkatulutsa dirowa, kuliika patebulo, kusolola kachitsulo, ndipo aliyense ankatenga mulu wake n'kumatembenuza. Kuseri koyera, kuseri koyera, kuseri koyera. Ukafika poiwala chimene ukufuna, pensulo ija inkatulukira.

"Alipo angati onse, mayi? Kuti tidziwe tikamaliza."

"Munthu amawerenga zimenezo? Inu mumawerenga kuti amuna anu akusekererani kangati?"

"Anga anachoka kalekale, mayi."

"Ndiye kuti munawerenga," anatero, ndipo tonse tinaseka mpaka fumbi linatitsamwitsa.

Poyamba ndikapeza khadi ndinkalipereka osaliyang'ana, chifukwa cha ulemu. Koma maso awo anali ofooka ndipo pensulo inali itafufutika, choncho anati ndiziwawerengera. Ndinkawerenga ndi liwu lotsika, mwachizolowezi. "Mankhwala a mwana ali pamwamba pa kabati, theka la supuni." "Achimwene anu asabwerekenso njinga yanga." "Dzulo ndinayankha mopusa. Pepani." Lililonse iwo ankaliika m'nthawi yake. Ili ndi la m'nyumba yoyamba ija yodontha, ankatero. Ili mtsikana ali ndi chikuku. Ili ndiye sindinamukhululukire mpaka Lamlungu.

M'timabokosi muja makadi anali m'ndondomeko ya moyo wawo, chaka ndi chaka. Ine ndinawamwaza motsata maina a anthu achilendo amene analemba mabuku otayika. Tsopano chibwenzi chinkatuluka pambuyo pa matenda a ukalamba, kupepesa kunkabwera mkangano usanachitike. Mayiwo sanandidzudzule ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinkandipweteka kwambiri. Chinanso chinkandipweteka, ngakhale n'chochititsa manyazi kunena: nsanje. Ndinagwira ntchito pansi pa munthu ameneyu theka la moyo wanga, osamva mawu abwino ngakhale amodzi, pamene iye ankazula makadi pafupi ndi ine n'kumakalembapo za diresi.

Masiku anayenda mofulumira kuposa madirowa. Ankabwera m'mawa chitseko chikangotsegulidwa, n'kumachoka mlonda akamagwedeza makiyi. Zala zathu zinada. Mayiwo anayamba kutsokomola ngati ine. Ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pofika Lachinayi anasiya kunena zimenezo. Nthawi zina ndinkawapeza atagwira khadi loyera, akungoliyang'ana, atatopa moti sakutha kuliika pansi.

Lachisanu madzulo tinali tisanafike ngakhale pakati pa khoma. Zimene tinapeza zinkakwana m'dzanja limodzi, zomangidwa ndi kamphira. Mwana wawo wamwamuna uja anatsika kudzawatenga. Anaima pakhomo, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Mayi, tiyeni. Mawa tikunyamuka m'mamawa, ndipo simunapume sabata yonse."

"Dikira ndimalize dirowa ili."

Munali chakumapeto kwa dirowalo mmene ndinapeza lina. Kumaso linali la buku la malamulo a zamalonda. Kuseri zilembo zinali zothinana kuposa masiku onse, mpaka m'mphepete. Ndinawerenga:

"Munandifunsa usiku ngati ndimanong'oneza bondo kuti ndinakukwatirani, ine n'kungokhala duu, inu n'kulira. Sikuti ndinalibe yankho. Ndaganiza mpaka kwacha. Yankho langa ndi lakuti"

Pamenepo malo anatha. M'munsi, pafupi ndi kabowo, analemba mmene timalembera mutu wa buku ukatalika: "onani khadi lotsatira."

Mayiwo anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka anagwira tebulo. "Mwamuona munthu wanu? Ngakhale pamenepa!"

Ndinatembenuza khadi lotsatira m'dirowamo ngakhale ndinkadziwa. Loyera. Linzake lija linali la buku lina, la wolemba wina, ndipo likanatha kukhala paliponse pakhomalo.

"Linkati chiyani lachiwirilo, mayi?" ndinafunsa.

Anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Kuseka kuja kunachoka pang'onopang'ono.

"Ndikukumbuka m'mawa wake," anatero. "Ndinaima pazenera, ketulo ikuwira. Ndinawerenga onse awiri. Ndikukumbuka kuti ndinakhala pansi." Anasisita khadilo ndi chala. "Koma mawu ake achoka. Ndinkati ndikakhazikika uko ndikawerengenso bwinobwino, poti ndimadziwa kuti ali m'kabokosi."

Mwana wawo anayang'ana pansi. Ine ndinatembenukira kwa mayiwo.

"Ndilipeza, mayi. Ndidzakutumizirani."

Anayang'ana madirowa amene tinali tisanawagwire, kuyambira m'mwamba mpaka pansi, kenaka anayang'ana ine, mmene ndinkapumira.

"Mukupuma liti pa ntchito, mwanangu?"

"Kumapeto kwa chaka."

Anaika mpukutu wa makadi aja m'kachikwama n'kutseka. Koma lomalizalo sanaliikemo. Analikankhira kwa ine patebulo.

"Ili litsale. Linzakelo liyambira pakati pa mawu. Popanda ili mudzaliona ngati lopanda mutu, n'kulipitirira."

"Mayi, ndikhoza kungokopera mawuwa papepala, inu mutenge lanu."

"Ayi. Anabwera awiri pansi pa kapu. Ndikatenga ili lokha ndizikangowerenga funso langa."

Mwana wawo anawagwira mkono, ndipo anayamba kukwera, akupumira pa sitepe iliyonse. Ndinamva chitseko cha pamwamba chikutsekeka. Ndinalowetsa kachitsulo m'dirowa limene tinamaliza, ndinalibwezera m'malo mwake, n'kutulutsa lotsatira.